Tsamba la Mayi Telala, Nambala ya Munthu Wina

Panali mayi wina, telala wa madiresi a ukwati. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wanga amene amagulitsa nsalu khomo loyandikana ndi shopu yawo, ndiye musati ndikupeka. Mayiwa anasoka zaka makumi awiri, ndipo chuma chawo chenicheni chinali dzina. Akwati ankatumizana okha kuti, "Pita kwa mayi aja, sakhumudwitsa."

Koma makasitomala anayamba kuchepa. Atsikana a masiku ano amayamba asaka pa foni, ndipo ukalemba kuti diresi la ukwati, ankatuluka matelala ena, mayiwa osapezeka.

Tsiku lina m'shopumo munalowa bambo wina wa jekete, laputopu kukhwapa.

"Mayi, ine ndimapanga mawebusaiti. Masabata awiri okha, aliyense wosaka diresi aziyamba kuona inuyo."

Mng'ono wa mayiwa, amene amasita madiresi m'shopumo, anawakokera kuseri kwa katani.

"Achemwali, munthuyu mukumudziwa? Atisonyeze kaye anthu amene anawapangira, tiwaimbire."

"Iwe uzisita. Za makompyuta unaphunzira kuti?"

Abale inu, wakutsina khutu ndi mnansi, koma mayiwa khutu anatseka. Bambo uja anajambula madiresi, chitseko, chikwangwani, ngakhale mayiwo ali pa makina. Kenako anati, "Pa foni yanu pabwera timanambala, mundiwerengere. Imelo ndi pasiwedi ndisunga ine, zimapweteketsa mutu zimenezi. Nambala ya foni ndiika ya ku ofesi kwathu, kuti anthu asamakusokonezeni mukamasoka. Makasitomala tizikutumizirani."

Anamuwerengera, mpaka kumuthokoza.

Tsamba la pa intaneti linatulukadi, lokongola. Mwezi woyamba anatumiza akwati awiri. Kenako zii. Akamuimbira, ankangoti, "Dekhani mayi, intaneti imafuna kupirira."

Lachisanu lina masana, pakhomo panaima galimoto. Anatsika mtsikana, mayi ake, ndi malume ake, bambo wamtali wosaseka.

"Tabwera kudzatenga diresi," anatero mtsikanayo. "Ukwati ndi mawa."

"Diresi liti, mwanangu?"

"Lija la manja a lesi. Miyezo ndinatumiza mwezi watha, zonse tinalipira. Munati Lachisanu."

"Ine? Ine sindinakuonepo."

Malume anatulutsa foni n'kuiika pa tebulo lodulira nsalu.

"Dzina ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Chitseko ichi?"

"Changa."

"Nkhope iyi?"

Mayi telala anatenga foni ija n'kuwerenga mauthenga amene anali m'menemo. M'mauthengawo munali munthu wolemba ngati iwowo, mpaka kumutchula mtsikanayo kuti mwanangu. Anaimba nambala ya bambo wa jekete. Yozimitsa. Anaimbanso. Yozimitsa. Mtsikana anakhala pansi penipeni, pa zidutswa za nsalu, n'kuyamba kulira. Anthu anali atadzaza kale pa windo, ena atakweza mafoni m'mwamba.

"Mayi," anatero malume, mawu ali pansipansi, "muno sitituluka opanda diresi. Apo ayi, tipitira limodzi ku polisi."

M'shopumo diresi lomalizidwa linali limodzi lokha, la mwana wawo wamkazi weniweni, amene ukwati wake unali mwezi wotsatira. Analitsitsa okha pa hang'ala, n'kugwada kuti alipinde m'munsi, mapini ali pakamwa, misozi ikugwera pa lesi. Ndikamaganiza pamenepa mtima umandiwawa.

Iwo ankaganiza kuti zathera pomwepo. Lolemba kunabwera mkwati wina ndi azakhali ake. Lachitatu awiri. Onse atanyamula foni, onse akuloza nkhope yomweyo. Diresi lina lowapatsa panalibe. Pansi pa tsamba paja anthu anayamba kulemba: wakuba, musapiteko, anandiphera ukwati. Kanema wa Lachisanu uja anayenda m'magulu onse, ndipo ngakhale makasitomala amene anawasokera bwino kale anabwera kudzatenga nsalu zawo.

Mng'ono wawo anawatengera kwa katswiri wina wa makompyuta wodziwika bwino, wokhala ndi ofesi yeniyeni.

"Chonde, tifufutireni tsambali lero lomwe."

"Imelo yake?"

"Ali nayo iye uja."

"Pasiwedi? Pepala lililonse limene munasainirana? Dzina lake lenileni?"

"Zonsezo ndilibe," anatero mayi aja.

"Mayi, pepani. Tsambali si lanu. Tidandaula kwa oyang'anira mawebusaiti, ku polisi mupitenso, koma zitenga nthawi. Pakadali pano nambala yasinthidwa, ndipo wina akuyankhabe m'dzina lanu."

Sabata yotsatira mwamuna wawo anakwera makwerero ndi chitini cha penti kuti afufute dzina pa chikwangwani. Mayi aja anagwira makwerero pansi. Panadutsa mtsikana wina wosawadziwa, n'kuima.

"Zikomo amayi, kodi telala wakuba uja anasamuka?"

Mayi aja anayankha ali chigwirire makwerero.

"Eya, mwanangu. Anasamuka."

Phunziro: Wokupangirani webusaiti akhale mmisiri chabe, mwini wake ndinu. Imelo ikhale yanu, pasiwedi yanu, nambala ya foni yanu, ndipo timanambala tobwera pa foni musawerengere munthu wina aliyense, ngakhale avale jekete lotani. Funsani amene anawagwirirapo ntchito, muwaimbire nokha, musainirane pepala. Muli ndi m'bale wa saluni, wa garaja kapena telala? Mutumizireni uthengawu lero, wa laputopu asanafike pakhomo pake.