Fainess Pansi pa Chitenje

Foni inayamba kunjenjemera m'manja mwa Fainess atamufunditsa kale chitenje kumutu. Chinali chinkhoswe cha mkulu wake Belita ku Nazombe, ndipo iye anali m'gulu la atsikana ophimbidwa kuti akuchimuna aloze mkwatibwi weniweni.

Ali pansi pa nsaluyo anawerenga uthenga wa a Fraser, abwana ake ku ofesi yojambula mapulani a nyumba: "Denga la sukulu ya ku Migowi lisinthidwe lero. Bwera. Wophunzira ntchito alibe Loweruka."

Pulani ya sukuluyo Fainess anaijambula yekha, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, mpaka anzake a kwaya anasiya kumufunsa ngati abwera kudzaimba. Koma pamapepala onse panalembedwa dzina la a Fraser.

Wakabaza akanamufikitsa ku ofesi dzuwa lisanapendeke. Nanga akakana, adzamuchitira umboni ndani pofuna ntchito? Chala chinangoima pa foni.

Amalume a mkwati anavundukula chitenjecho n'kumuyang'anitsitsa.

"Ayi, si ameneyu!"

Anthu anafa nacho chiseko, amayi akuimba nthungululu. Azakhali ake a Fainess anamugwira dzanja n'kulikweza m'mwamba.

"Si ameneyu, inde. Koma mumuone bwinobwino, apongozi. Uyu ndi Fainess wathu, amene wajambula sukulu ikumangidwa ku Migowi ija!"

Foni inanjenjemeranso. Fainess anaizimitsa n'kuwapatsa azakhali akewo kuti asunge. Chitenje chija anachimanga m'chiuno, n'kulowa m'bwalo.