Khanda la pamsewu wa Mitande

Milagre anafika pakhonde la Ivanildo ku Cuamba atagula kale zitenje ziwiri zatsopano za kapulana ndi shuga wa mphatso. Zotsatira zinali zisanawerengedwe n'komwe, koma iye anali atasungitsa malo mu chapa, minibasi ya m'mawa yopita ku Mandimba, kuti kumeneko akakwere njinga yamoto mpaka ku Ngauma.

"Tsegula msanga, Nildo," anatero akukhala pamkeka. "Amayi anga akudikira."

Ivanildo, mphunzitsi wa kusekondale, anali mlongo wake wamng'ono, wa m'nyumba osati wa m'mimba. Zimenezi ankazidziwa aliyense. Nthawi ya nkhondo, Dona Paulina, amayi ake a Ivanildo, anatulukira kumsasa wa othawa kwawo ku Malawi ali ndi khanda kumsana. Anati analitola mu udzu pamsewu wa Mitande, anthu atamwazikana ndi zipolopolo. Amuna awo a Ernesto, a kunjanji, amene nkhondo yomweyo inawasiyanitsa nawo zaka ziwiri, analiyang'ana khandalo n'kugamula kuti, "Likhale, koma dzina langa lisatenge."

Khandalo, Milagre, linakhaladi, ndipo linakula likuitana Dona Paulina kuti titiya, ndiye kuti azakhali. Sanamuzunze ayi, tisanamizire akufa. Anamuphunzitsa sukulu, diresi la ukwati anamusokera ndi manja awo. Koma mwana wotola amamva zimene ena samva. Abale akakhala pansi kukamba za banja, iye ankatumidwa kukatunga madzi. Pa ukwati wake panasowa amalume omuimira, mpaka anachita kubwereka mkulu wa mpingo. Zaka makumi atatu ndi zisanu, mtima wake unkangofunsa chinthu chimodzi: anandibereka ndani?

Za malovuzi anabwera nazo ndi Ivanildo. Ankalemba mbiri ya banja lawo, ndiye mnzake wa ku Joni anamutumizira timabotolo. Umalavulira m'menemo, kabotolo n'kupita kunja, makina n'kukuuza kumene makolo ako anachokera, komanso amene uli naye magazi amodzi mwa onse amene analavulirapo. Chaka chatha analavulitsa amayi ake, Dona Paulina, iwo akuseka kuti anthu ophunzira asowa chochita.

Kenako kunamveka za mayi Mariamo a ku Ngauma, amene anataya khanda lalikazi chaka chomwecho, pamsewu womwewo. Milagre atawaona, anawayang'anitsitsa. Kampata ka m'mano komweko! Kayendedwe, kasekedwe, ngakhale zala za kumapazi. Mayiwo anamusisita kumaso akulira, n'kumuitana dzina limene anapatsa khanda lawo lija. Apa panalibenso chokayikitsa. Makinawo ankangofunika kuti atseke pakamwa anthu olongolola.

Anali komweko, akugwirira mayiwo kabotolo, pamene Ivanildo anaimba foni kuti titiya agonekedwa m'chipatala ndipo akumuitana, akuti ali naye mawu.

"Uwauze ndibwera Lamlungu," Milagre anayankha. "Ndikadali ndi amayi anga."

Ivanildo anakawauza monga anamvera. Dona Paulina anamwalira Loweruka m'mawa. Milagre analira pamaliropo, inde, koma anakhala kumbuyo kwa anansi, n'kulira monga umalirira munthu amene anakukomera mtima. Kutsogolo anasiyira abale.

Tsopano miyezi iwiri inali itapita, ndipo yankho linali mu kompyuta ili pamiyendo ya Ivanildo. Kusiteshoni kunalira komboyo, sitima ya pamtunda. Mphunzitsiyo anawerenga, anabwerezanso, kenako anavula magalasi n'kuwaika pansi.

"Lankhula, iwe! Wameza lilime?"

"Mana," anatero motsitsa mawu, monga ankaitanira mchemwali wakeyo, "inu ndi mayi Mariamo mulibe ubale. Ngakhale wapatali."

"Bodza!" Milagre anadzuka, shuga uja n'kugwa. "Asokoneza mabotolo amenewo. Unawaona mayi aja iwe? Unaona mano awo?"

Milagre anakhalanso pansi pang'onopang'ono, mtima utasweka. Akawauza chiyani mayi aja, amene anali atamuyalira kale mphasa m'nyumba mwawo? Adzataya mwana yemweyo kachiwiri, ndipo iye adzabwerera kumene anachokera, mu udzu.

"Ndiye basi, ndilibe wanga," anatero, misozi ikutsikira m'khosi. "Ndinabwera wotola, ndidzapita wotola."

"Ayi, mana." Ivanildo naye anali akulira tsopano, mapewa akugwedezeka ngati mwana. "Makinawa awapeza amayi anu."

Anamutembenuzira kompyutayo. Pamwamba penipeni pa abale a Milagre, pamene panalembedwa kuti mayi wobereka, panali dzina la Paulina.