Nsapato za Misomali

"Vula nsapatozo," anatero bambo kwa mwana wake wamkazi atachotsa lipenga pakamwa. "Gulu langa limaimba jazi. Za gule wa flamenko zakozo ukapondere kwina."

"Jazi yanuyo mwaiimba zaka makumi atatu, ababa, mpaka anthu akumawodzera m'mipando," anayankha mtsikanayo. "Wang'oma wathiramo kale zachilatini, bwanji simunamuletse?"

"Iyeyo sagogoda pansi ngati akukhoma denga."

Mtsikanayo anavula nsapato zake zovinira, zija za misomali kunsi, n'kuziponya pakhomo. Koma sanakhale pansi. Anayang'ana wagitala n'kuyamba kuwomba m'manja mwa flamenko, kakhumi ndi kawiri, n'kuyambiranso. Wagitala anamutsatira, wang'oma nayenso analowerera. Bambowo anatsinzina monga amachitira akapsa mtima, nauzira lipenga mwamphamvu kuti awakwirire onse. Nyimbo inakana kufa, inangokolera.

Chitseko chinatseguka mwaukali. Anali mayi wosoka zovala wa m'chipinda chapansi, m'mutu muli mbuu.

"Ndani akuponda chonchi? Fumbi la kudenga likugwera pa diresi laukwati la eni ake!"

"Ndamuuza kale mwanayu," anatero bambowo akuloza ndi lipenga.

Mayiyo anayang'ana mapazi a mtsikanayo, kenako nsapato zili pakhomo zija.

"Achimwene, mwanayu ali chosavala kuphazi. Letsani mwendo wanuwo."

Onse anayang'ana pansi. Chidendene cha bambowo chinali chikugundabe.

"Kakhumi ndi kawiri ndendende, ababa," anatero mtsikanayo akutola nsapato zake. "Simunaphonye ngakhale kamodzi."