Kuopa Mphenzi

Lachinayi, pa 7 Febuluwale 2008, a Pius, mlonda wa pasukulu, anazula pulagi ya kompyuta yatsopano ya sukuluyo.

Keziya, mphunzitsi wa masamu, anali atapeza khodi yaulere, malangizo oyendetsera kompyuta, pa intaneti ku Boma. Akanamaliza kuiika, ikanapanga kompyuta ina mkati mwa yatsopanoyi, yoyendetsa pulogalamu yakale ya ana. Kupanda apo, mawa lake othandiza amene anapereka makinawo akanawasamutsira kusukulu ya ku Ludzi.

Mizere ya khodiyo inali ikuyenda pagalasi la kompyutayo chiyambire m'mawa. Pulagi itazulidwa, galasilo linangoda bii.

"Kukugundatu, aphunzitsi," anatero a Pius, akufunditsa kompyutayo chitenje. "Mukufuna mphenzi itilowere m'kalasi?"

"Inatsala pang'ono kumaliza, bambo!"

"Mudzandithokoza."

Mtambo unalowera ku Zambia osagwetsa ndi dontho lomwe. Keziya atabwezera pulagi, anapeza magetsi atathima dera lonse.