Zining'a za Chingerezi pa Galasi la Wometa

Wometa anali pa chining'a chachisanu pamene mu shopu yake munalowa kasitomala wachilendo. Zining'azo, khumi ndi ziwiri za Chingerezi, anazilemba papepala n'kulimata pakona pa galasi, kuti manja akamameta maso aziloweza.

Mawa lake kunyumba kwake kumabwera alendo. Mwana wake wamkazi, namwino, anali atapeza mwamuna, ndipo makolo a mnyamatayo amabwera kudzaonekera. Mnyamatayo wometa anamuonapo kamodzi kokha: wa tayi, wa mandala, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Tsiku limenelo wometa sanalole kuchepa pakhomo pake pomwe. Anamulonjera ndi zining'a zitatu zimene anatola kusukulu yamadzulo, mnyamatayo n'kungoti kukamwa yasa.

Koma kupambana kumeneko sikunamupatse mtendere. Mwana akamalankhula chonchija, nanga bambo ake? Nyalugwe sabala mbuzi. Wometa ankamuona kale m'maganizo msewele wakeyo: nkhalamba ya suti ndi ndodo yonyezimira, yoti ngakhale kuyetsemula imayetsemula m'Chingerezi. Ndipo namwino uja anali atapempha chinthu chimodzi chokha: "Ababa, chonde, musadzandichititse manyazi."

Kasitomalayo anali bambo wathupi, wa zikhatho zokhakhala ndi jekete lonunkha dizilo. Anadziponya pampando, mpando n'kudandaula.

"Mundimete bwino, achimwene. Ndi ndevu zomwe."

"Piece of cake," anatero wometa akumukulunga nsalu m'khosi.

Bamboyo anadzidzimuka ngati walumidwa ndi nsikidzi.

"Musaope, akulu, si temberero. Ndiye kuti ntchito yosavuta. Azungu chilichonse chophweka amachiyerekeza ndi keke, poti mano awo ndi aulesi."

Wometa anamuyang'ana pagalasi n'kumuwerenga yense: uyu sukulu ankangoidutsa panja. Poyeserera pabwino kuposa apa panalibe, chifukwa munthu amene lumo lili pakhosi pake satsutsa. Anayatsa makina, nayatsanso pakamwa.

"Mvula ikagwa yamkuntho amati raining cats and dogs. Amphaka ndi agalu, kuchokera kumwamba! Ndiye anthu ake amene anatibweretsera sukulu amenewo. Munthu akadwala pang'ono amati ali under the weather, ngati kuti enafe tili pamwamba pake. Kuulula chinsinsi ndi spill the beans, kutaya nyemba. Kwathu mayi a kunyumba atataya nyemba palibe chinsinsi, mzere wonse umva."

Bamboyo sanaseke. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa makutu, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Wometa anayesa kuti akupemphera, ndipo zinamukomera.

"Mukudziwa, akulu," anapitiriza, "kuli anthu ena amayesa Chingerezi anachita kubadwa nacho ngati mchombo. Amalowa pakhomo pako mphuno ili m'mwamba, kudikira kuti upunthwe lilime. Koma ine ndinawakonzera kale. Akangoti atsegule pakamwa ndiwathira break the ice. Asanameze malovu ndiwawonjezera once in a blue moon. Kaya zigwirizana kaya sizigwirizana, bola azindikire kuti pano pali bambo."

Mutu unali utametedwa mbali imodzi pamene bamboyo anatulutsa dzanja pansi pa nsalu n'kugwira mkono wa wometa.

"Achimwene, tazimitsani kaye makinawo."

Wometa anazimitsa makina.

"Mundilembereko zitatu zokha, zazifupi," anatero bamboyo monong'ona, akuyang'ana kukhomo. "Mulembe mmene zimamvekera m'khutu, osati mmene amalembera eni ake. Ine zaka makumi atatu ndili pachiwongolero cha lole. Chingerezi changa ndi cha pazikwangwani za mumsewu, chimathera pa stop. Koma pali munthu wina amene ndiyenera kukaonana naye pa nkhani ya mwana wanga. Akuti ndi chilombo. Mwanayo ndinamuphunzitsa mpaka kukoleji, koma atakamupatsa moni anabwerako ali njenjenje, ati Chingerezi chake n'chosagwirika mutu ndi mchira. Masabata awiri tsopano chakudya sichikutsika. Ndikakachita chibwibwi kumeneko akangoti banja la mbuli, mwana wanga n'kumutsekera chitseko."

Wometa anamva mtima kusungunuka. Kani mantha amenewa si a iye yekha! Anamusisita paphewa, tsitsi n'kuyoyokera pansi.

"Anthu oterowo ndimawadziwa ine, akulu. Afisi ovala nsapato! Munthu wamkulu ndi ndevu zake kuopseza mwana wa eni ake ndi chilankhulo chobwereka? Ameneyo si wophunzira, ndi mbuzi. Mbuzi yeniyeni ya nyanga! Ndikadakhala ine ndikanamuuza pamaso."

Anamatula pepala lija pagalasi, naling'amba pakati, theka n'kumupatsa.

"Tengani zisanu ndi chimodzi. Mukamuwombere zonse nthawi imodzi, asapeze popumira."

Bamboyo analandira ndi manja awiri ngati mankhwala akuchipatala. Kwa nthawi yoyamba anamwetulira, napisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni yosweka galasi.

"Mulungu akudalitseni, achimwene. Ndikuvutikira ana awa. Taonani mtsikana wake, mwana waulemu ngati ameneyu kubadwa kwa munthu woipa chonchija."

Wometa anawerama kuti aone. Pachithunzipo namwino wake ankamwetulira, atatsamira paphewa la mnyamata wa tayi uja.

"Ndiye tandiuzani," anatero msewele wake, mutu uli wometedwa theka, "mbuzi ameneyu ndikamutchule kuti chiyani m'Chingerezi?"