Kagalasi Kopanda Dzina

Make mapasa anali kuyeza kagalasi ka maselo ka makumi anayi ndi kachitatu pamene a Chete analowa m'labu ya chipatala. M'maso munali mukumuwawa ngati mwalowa mchenga. Tiyi amene anathira m'mawa anali atazizira pawindo.

Linali tsiku lomaliza la miyezi isanu ndi umodzi yomuyesa ntchito. Aliyense m'labumo ankadziwa chizolowezi cha a Chete, dokotala wamkulu woyeza maselo. Tsiku lotere ankatenga kagalasi m'bokosi lawo la zitsanzo zakale n'kukupatsa kuti unene chimene ukuona. Ukalakwitsa, unkakoleka gauni pamsomali n'kuona msewu. Anthu awiri anali atapita kale chaka chimenecho.

A Chete anaika kagalasiko patebulo. Panalibe dzina, panali nambala yokha. Ananena motsitsa mawu kuti ndi maselo a pakhosi, ndipo anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwa make mapasa.

Mayiyo anapukuta manja pagauni. Anaganiza za mapasa ake amene ankawasiya kwa mlamu wake m'mawa uliwonse, komanso za nkhope ya mlamuyo akamamutsegulira chitseko. Ntchito iyi ikamupulumuka, analibe kwina kolowera.

Anaika diso pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono n'kupotokola pang'onopang'ono. Poyamba anaona maselo abwinobwino, aphwatalala, atayalana mwadongosolo. Anasuntha kagalasiko kumanzere. Kumeneko zinthu zinasintha. Maselo anali ataunjikana, ena aakulu ena aang'ono, m'mphepete mwake mokhotakhota. Timitima tawo tinali titatupa ndi kuda bii ndi utoto. Anabwerera koyambira n'kuyendanso kachiwiri, kenako kachitatu, kuopa kuti kutopa kukumunamiza.

 Mafiriji okha ndi amene ankalira.

"Ndi khansa, adokotala," anatero.

Iwo anamufunsa ngati sikungakhale kutupa wamba, kapena chilonda cha munthu wosuta fodya. Iye anawafotokozera chimodzichimodzi zimene anaona. Anawonjeza kuti matendawo sanayambe dzulo, ndipo mwiniwake akanakhala wodwala wa lero, akanafunika kuonana ndi madokotala a opaleshoni sabata yomweyo.

A Chete anaimirira, anawerama pamakina n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Ataweramuka anagwedeza mutu.

"Mwakhoza, mayi. Lolemba mubwere, tebulo ili ndi lanu."

Make mapasa anatsamira mpando. Mapewa anagwa okha. Sanathe n'kusekerera komwe, anangomva kuti akufuna kugona. Anathokoza kawiri, akuvula magolovesi. Mtima utakhala pansi, chidwi chinamugwira, ndipo anafunsa ngati mwini kagalasiko anadzachira, poti zitsanzo za m'bokosi lija zinali za zaka zambiri zapitazo.

A Chete anatulutsa fomu m'thumba la gauni, anaitambasula bwinobwino patebulo n'kuika cholembera pambali pake. Deti la pafomupo linali la dzana.

"Aka sikanachokere m'bokosi," anatero. "Lembani zimene mwaonazo, musaine m'munsimu. Lamulo silindilola kusainira ndekha zotsatira za pakhosi panga."