Foni Pakhosi pa Mbuzi

Chibwerereni nthenda ya chifuwa ija, lamulo linali lakuti aliyense aziyenda ndi foni yake ndipo asatuluke pakhomo. Foni ikadutsa mpanda, a zaumoyo ankabwera pa njinga yamoto. Ikakhalitsa malo amodzi, ankati abweranso.

Nankhoma anamva kuti kwa mlongo wake Gonthi, amene ankadwala yekha kutsidya kwa dambo, utsi wasiya kufuka. M'mawa mwake anaphika phala, kenako anamangirira foni yake pakhosi pa mbuzi.

"Amake Tadala, mutiputira mavuto," anatero amuna ake, a Malizani.

"Inu muzingoona kuti mbuziyi isagone."

Nankhoma anapita atamanga kansalu kukamwa. Anaika phala pakhonde n'kukaima patali, mpaka Gonthi anatuluka chokwawa n'kuyamba kudya.

Pobwerera anapeza njinga yamoto pabwalo. Mbuzi inali itadula chingwe n'kukalowa m'dimba la eni ake, ndipo bambo wa zaumoyo anali ataigwira nyanga.

"Mayi, mukudziwa kuti umenewu ndi mlandu?"

"Ndikudziwa, bambo. Mbuzi mwaipeza msanga ndithu. Nanga achimwene anga, amene foni yawo ili pamphasa osasuntha sabata yonseyi, bwanji simunapiteko?"

Bambo uja anayang'ana pansi. A Malizani anatsokomola, koma sanamuletse mkazi wawo.

Nankhoma anamasula foni ija n'kuipukuta ndi chitenje.

"Mawa ndipitanso, foni ili m'manja. Munditsatire bwinobwino, ndipo musaiwale mankhwala."